Musamulande mwanayo bukulo, mayi

Mayi, inu amene mwafunsa m'gulu muno ngati mumulande mwana wanu wa Fomu 2 buku la Cinder limene akuwerenga, chonde musamulande mwanayo bukulo, ndipo amene akukuuzani kuti nsapato yofiira ya pachikutopo ndi mwendo wooneka mafupa achitsulowo ndi zizindikiro za satana sanatsegule ngakhale tsamba loyamba. Ndawerenga mayankho ena m'gulu muno, ena akuti liwotchedwe, ena akuti mwana wa Fomu 2 asataye nthawi ndi nthano pamene mayeso a JCE ali pakhomo, ndipo mtima wanga wawawanso mwatsopano, chifukwa mawu omwewo ndinawamva ndi makutu anga mu ofesi ya pasukulu ina kuno ku Mulanje, anthu atandizungulira ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi ya eni.

Bukulo ndi Cinder, analemba ndi mayi wa ku America dzina lake Marissa Meyer, ndipo linatuluka mu 2012. Mwana wanga analibwereka kwa msuweni wake wa ku Limbe. Ndikati mwana wanga ndikunena mwana wa malemu akulu anga, amene ndinamutenga akadali wamng'ono mayi ake atatisiya, ndipo nonse mukudziwa kuti kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi wako ndithu. Ine ndine telala pa Chitakale, Chingerezi changa ndi cha Fomu 4, koma bukulo ndinaliwerenga lonse pang'onopang'ono usiku ndikatseka shopu, chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene chinkamuiwalitsa mwanayo ndiwo pamoto. Nkhani yake ndi ya Cinderella yemwe uja, wamasiye wozunzidwa ndi mayi omupeza, koma wolembayo anaisamutsira kutsogolo kutali, mumzinda wotchedwa New Beijing. Mtsikanayo, dzina lake Cinder, ndi makaniko wa pamsika, amakonza makina ndi maloboti, ndipo dzanja lake limodzi ndi mwendo umodzi ndi zachitsulo chifukwa anavulala koopsa ali mwana, madokotala n'kumulumikiza ndi zitsulo ndi mawaya kuti akhale moyo. Malamulo akumeneko samuwerengera ngati munthu wathunthu, ndipo ndalama zonse zimene amapeza amalanda ndi mayi omupezawo. Kuli mliri wopanda mankhwala, ndipo utagwira mwana wamng'ono wa m'nyumbamo, amene ndi yekhayo ankamukonda Cinder, mayi aja anamupereka Cinder kwa madokotala kuti akamuyesere mankhwala, akudziwa bwino kuti opita kumeneko sabwerako. Kuphwando la kunyumba yachifumu sataya nsapato yagalasi ayi, koma amagwa pamasitepe, phazi lake lachitsulo n'kuguluka pamaso pa anthu onse, ndipo buku loyambalo limatha iye ali m'ndende, osati paukwati.

Mwana wanga atamaliza anandifunsa ngati munthu angachite chimodzimodzi ndi nthano zathu, ndipo ndinamuyankha kuti palibe woletsa. Anatenga kope latsopano n'kuyamba kulemba Kamdothi m'Chichewa. Kamdothi wake sanali wadothi, koma anamupanga ndi mayi wina wosabereka amene ankakonza makina pafakitale ya tiyi, kuchokera ku zitsulo zotayidwa, m'zaka zam'tsogolo pamene masamba a tiyi azidzathyoledwa ndi makina ouluka. Madzi akangomulowa m'mawaya amafa, choncho mayi ake ankamuimbira kuti athawe mvula monga momwe agogo athu ankaimbira, kusiyana kwake n'kwakuti nyimboyo inkamufika m'khutu kudzera pakawailesi. Taganizani mwana woopa madzi atakhala kunsi kwa phiri lino, kumene chiperoni chimatha kugwa mlungu wathunthu osaona dzuwa. Mayi womupangayo atamwalira, Kamdothi anatengedwa ndi wachibale wankhanza amene ankamutuma kumunda mitambo itachita bii, osamupatsa ngakhale pepala lapulasitiki lodzifundika. Kumapeto kwake Napolo akutsika phiri usiku, Kamdothi yekha ndi amene anamva kugwedezeka kwa nthaka, ndipo anatuluka mvula ili pakati kukadzutsa mudzi, akudziwa chimene chimuchitikire. Izi analemba namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 atangodutsa, pamene tonse kuno tinkagona khutu lili kuphiri. Ndinaliwerenga kopelo nditakhala pamakina osokera, ndipo ndinalira.

Kopelo linayamba kuyenda m'manja mwa atsikana anzake m'kalasi, mpaka mphunzitsi wina wamkazi analigwira pamodzi ndi buku lija. Mawa lake mwana anabwera ndi kalata yondiitana. Ndinasiya diresi la mkwatibwi lili pamakina n'kuyenda m'chiperoni, ndikuganiza kuti mlandu ndi wowerenga nthano nthawi ya phunziro, ndipo ndinali wokonzeka kupepesa. Nditalowa ndinapeza wachiwiri kwa ahedi, mphunzitsi uja, amayi awiri a gulu loyang'anira atsikana pasukulupo ndi bambo wina wa komiti amenenso ndi mkulu wa mpingo. Mwana wanga anali ataimikidwa kukhoma, yunifolomu itanyowa m'mapewa, manja ali kumbuyo. Palibe amene anandipatsa moni woyenera, anangondilozera benchi. Mphunzitsi uja anatsegula kopelo pamalo pamene anapinda kale n'kuyamba kuwerenga mokweza ndime ya wachibale wankhanza uja, ndipo akatha chiganizo chilichonse ankaima n'kundiyang'ana kumaso kuti enawo aone. Atafika pamene Kamdothi akugonekedwa kukhitchini pamodzi ndi makasu, anatseka kopelo n'kunena kuti, "Mayi, mwana salemba chimene sanachione." Apo m'pamene ndinazindikira kuti woimbidwa mlandu ndine.

Anatembenukira kwa mwana n'kumufunsa ngati ndimamumana chakudya, ngati ndimamugoneka panja, ngati ndimamugwiritsa ntchito pashopu mpaka usiku. Mwanayo anali akunjenjemera ndi kulira kotero kuti mawu sankatuluka, ndipo kusayankha kwakeko iwo anakutenga ngati kuvomera. Mmodzi wa amayi aja anamupinda manja a juzi kufuna zipsera, ine ndikuona, ndipo atapeza kachipsera kakale ka moto wa mbaula kamene anapsa mayi ake akadali moyo, anagwedeza mutu n'kuyang'anana ndi mnzake. Ndinayesa kufotokoza kuti nkhaniyo ndi ya Kamdothi amene tonse tinamumva pamoto tili ana, kuti wachibale wankhanzayo mwana anamutengera m'buku linalo, koma bambo wa komiti uja anakweza bukulo m'mwamba n'kuloza mwendo wa pachikuto, akuti munthu wolola chinthu chotere m'nyumba sangakhale wolera bwino, ndipo mwana wolemba za Napolo wayamba kuitana mizimu. Ndinamva kutentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu, miyendo inandifooka, ndipo chimene sindidzaiwala ndi maso a mwana wanga akundipepesa pa mlandu umene sanapalamule. Potuluka ndinapempha kope, mphunzitsi uja anati likhala ngati umboni. Sitinalionenso mpaka lero, ndipo buku la eni ake ndinachita kubweza ndalama.

Sindikutsutsa kuti sukulu izifufuza za ana amasiye, chifukwa alipo ambiri amene akuzunzikadi m'makomo ndipo alibe wowalankhulira. Koma munthu wofunadi kuthandiza mwana amamuitana payekha, amamukhazika pansi, amapita kunyumba kukaona pamene amagona, amafunsa oyandikana nawo. Mphunzitsi uja sanachite chilichonse mwa izi. Iye ndi wophunzitsa chilankhulo, amene ntchito yake ndi kuuza ana kusiyana kwa wolemba ndi wosimba nkhani, koma tsiku limenelo anasankha kuiwala zonse zimene anaphunzira ku koleji kuti aoneke mpulumutsi pamaso pa komiti. Akanakhala wowerenga akanadziwa kuti mayi wankhanza wolera wamasiye sanayambe ndi mwana wanga. Charles Perrault anamulemba ku France mu 1697, abale awiri a Grimm anamulembanso ku Germany mu 1812, ndipo ku China nkhani ya Ye Xian, mtsikana wozunzidwa ndi mayi omupeza amene anataya nsapato yake paphwando, inalembedwa m'zaka za m'ma 800. M'nthano za agogo athu momwe mwana wamasiye wotumidwa kudambo usiku sasowa. Kodi onsewo ankalemba za m'nyumba mwawo? Za Napolo ndiye zinandipweteka koposa, chifukwa malemu Steve Chimombo anamutenga Napolo yemweyo n'kumuika m'ndakatulo zake, anatenganso nkhani ya M'bona n'kuisandutsa sewero, ndipo dziko lonse linamulemekeza ngati mlembi wamkulu. Mtsikana wa kumudzi akachita chomwecho ndi bolopeni m'kope la sukulu akuti akuitana mizimu.

Nkhani inatuluka mu ofesi muja ine ndisanafike kunyumba. Pamjigo amayi ankasiya kulankhula ndikafika, makasitomala ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ndipo alongo anga, amene ndiwo eni mbumba, anachita kuchoka ku Thyolo kudzandifunsa ngati ndatopa naye mwanayo kuti amutenge. Zonsezo ndinazipirira, ndipo patapita nthawi anthu anaona okha kuti zinali zabodza, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe wa anthu a mu ofesi muja amene anabwera kudzapepesa. Chimene sindingawakhululukire n'chakuti mwanayo anasiya kulemba. Ndinamugulira kope lina lachikuto cholimba, likadali loyera mpaka pano. Ndikamufunsa amangoti akuopa kundibweretseranso mavuto.

N'chifukwa chake ndikuti musamulande. Mabuku amenewa amachita chinthu chimene mabuku a silabasi amalephera nthawi zambiri: mwana amalowa m'nkhani akuidziwa kale, choncho Chingerezi sichimuopsa, ndipo chidwi chake chimakhala pa kuona pamene wolemba wasintha. Amafuna kudziwa kuti nsapato ikhala chiyani, ngolo ikhala chiyani, ndipo akaona kuti nsapato yasanduka phazi lachitsulo amayamba kudzifunsa chifukwa chake anthu amanyoza munthu wolumala, kapena kuti thupi la munthu ndi la yani. Buku la Cinder lili ndi mabuku anzake otsatira. Scarlet la mu 2013 ndi nthano ya mtsikana wachovala chofiira ndi mmbulu, ndipo likuchitikira ku France kumene agogo ake a mtsikanayo asowa. Cress la mu 2014 ndi Rapunzel, koma m'malo mwa nsanja watsekeredwa m'setilaiti yozungulira dziko ndipo ndi katswiri wa makompyuta. Winter la mu 2015 ndi Snow White, kunyumba yachifumu ya kumwezi. Mwana amene wamaliza mabuku otalika chonchi mwa kufuna kwake sadzaopanso ndime ya pamayeso.

Ndisakunamizeni kuti mulibe chokhumudwitsa. Anthu a kumwezi m'nkhaniyi ali ndi mphamvu yolowa m'maganizo a ena n'kuwaonetsa zimene kulibe, ndipo ngakhale wolemba amazifotokoza monga za sayansi, munthu wongomva pang'ono adzati ndi ufiti. Muli imfa za mliri, muli chikondi cha achinyamata, ndipo kuyambira buku lachiwiri nkhondo ndi kuphana zimachuluka. Choncho liwerengeni kaye inuyo, kapena akuwerengereni mwanayo madzulo n'kumakumasulirani, kuti wina akadzabwera ndi zonena mudzamuyankhe ndi zimene zili m'katimo. Palibe chochititsa manyazi m'bukulo ndipo simuyenera kubisa kwa munthu aliyense, ngakhale kwa abusa. Komabe likutireni ndi pepala lakhaki kuti mwendo uja usaoneke, ndipo lisapite kusukulu ngakhale tsiku limodzi, liziwerengedwa kunyumba Loweruka ndi Lamlungu ntchito ya kusukulu itatha. Aphunzitsi muziwalemekeza ndi kuwadalira chifukwa ambiri ndi anthu abwino, koma akakuitanani ndi kalata musapite nokha monga ndinapitira ine, tengani alongo anu kapena wamkulu wina wa pabanja, ndipo musalole kuti mwana afunsidwe mafunso ataimikidwa pakati pa gulu.

Akadzayamba kulemba zake, pakuti ambiri owerenga mabuku otere amayamba ndithu, mulimbikitseni atenge za kwathu kuno, Kamdothi, Kalulu ndi Fisi, mizimu ya pa Sapitwa, alembe chilichonse chimene mtima wake wafuna popanda womuikira malire. Kungoti ngati m'nyumba mwanu muli mwana wolera, kapena inuyo ndinu mayi omupeza, muuzeni kuti nkhani za wamasiye wozunzidwa asamaonetse anzake a m'kalasi. Ndipo tsamba lililonse limene walemba muzilijambula ndi foni usiku womwewo, kope lisanatuluke m'nyumba.