Kodi quarterback azithamanga ndi mpira, kapena makochi akumuika pangozi?

Achimwene ena amene amakhala ku Indiana anditumizira imelo. Akuti anzawo a kuntchito anawakokera ku mpira wa ku America, ndipo pano amachemerera Indianapolis Colts. Funso lawo likukhudza quarterback, wosewera amene amatsogolera timu ikakhala ndi mpira ndiponso amene amauponya kwa anzake. Funsolo ndi ili: "Mu 2023 timu yathu inatenga Anthony Richardson, mnyamata wamphamvu ndiponso waliwiro, koma atasewera magemu anayi okha anavulala phewa akuthamanga ndi mpira, sizoni yake n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chiyani makochi amalola quarterback, amene timu yonse imamudalira, kuti azithamanga? Si bwino kuti angoima kumbuyo n'kumaponya?"

Achimwene, makochi amachita zimenezi chifukwa cha masamu. Mbali iliyonse ili ndi osewera 11. Quarterback akapereka mpira kwa running back, wosewera amene ntchito yake n'kuthamanga ndi mpira, n'kuima poteropo kumaonerera, ndiye kuti otchinga 11 akulimbana ndi anthu 10, ndipo mmodzi mwa 10 amenewo wanyamula mpira. Omutsegulira njira atsala 9. Koma quarterback akakhala woti naye akhoza kuthamanga, masamuwo amasintha. Pali kaseweredwe kotchedwa read option. Amasiya dala wotchinga mmodzi wa kumapeto kwa mzere wa otchinga popanda womutsekereza, quarterback n'kumamuyang'ana. Wotchingayo akathamangira running back, quarterback amasunga mpira n'kudutsa pamene wachokapo. Akadikira quarterback, mpira umaperekedwa kwa running back. Chilichonse chimene angasankhe walakwitsa, chonsecho palibe amene wamukhudza.

Phindu lina limaonekera pa kuponya. Otchinga akamalondola olandira mpira mmodzimmodzi amafulatira quarterback, ndipo waliwiro akaona misana yawo amangouyatsa. Ndiye otchingawo amakakamizika kupatula munthu woti azingomuyang'anira, kumbuyo n'kutsala mipata. Lamar Jackson wa Baltimore Ravens anathamanga mayadi 1,206 mu 2019, kuposa mayadi 1,039 a Michael Vick a mu 2006, ndipo chaka chomwecho ndi amene anatsogola mu NFL yonse, ligi yaikulu ya mpirawu, pa ma touchdown (zigoli za mpirawu) oponya, 36. Miyendo yake ndi imene inkatsegulira njira mkono wake.

Tsopano za kuvulala. Anthu ambiri amaganiza kuti kumbuyo kwa mzere, m'kampanda kamene anzake amamupangira, n'kotetezeka. Taganizirani izi. Tom Brady, amene sankathamanga n'komwe, anaduka mtsempha wa m'bondo pa gemu yoyamba ya 2008 ataima akuponya, wosewera wa Kansas City atamugwera pa mwendo. Joe Burrow wa Cincinnati anaduka mitsempha ya m'bondo mu 2020 ali m'kampanda momwemo. Aaron Rodgers anaduka mtsempha wa kuchidendene mu September 2023, pa gemu yake yoyamba ku New York Jets, atagwetsedwa akufuna kuponya. Ngakhale Jackson yemweyo, kuvulala kumene kunamulepheretsa kumaliza sizoni ya 2021 ndi ya 2022 kunabwera pamene ankafuna kuponya.

Chifukwa chake n'chakuti munthu akamaponya, maso ali kutali, phazi lalimba pansi, thupi silinakonzekere, ndipo womugunda samuona. Wothamanga amaona amene akubwera. Akhoza kutulukira kunja kwa bwalo, kapena kudzigwetsa motsogoza miyendo, ndipo akatero lamulo limaletsa kumugunda. Lamulolo silitchinga zonse ayi: mu December 2024 Trevor Lawrence wa Jacksonville anagundidwa mutu atadzigwetsa kale, ubongo n'kugwedezeka, ndipo Azeez Al-Shaair wa Houston amene anamugundayo anaimitsidwa magemu atatu. Komabe wothamanga ali ndi mwayi wosankha mmene kuthamangako kuthere.

Apa musandimve ngati ndikuti mantha anu alibe maziko. Kuthamanga kulipo kosiyanasiyana. Quarterback amene wasowa womuponyera, waona mpata, watenga mayadi 8 n'kutuluka, ameneyo sindimudera nkhawa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene kochi wakonza dala kuti quarterback alowe pakati pa zimphona za makilogalamu oposa 130, mobwerezabwereza, m'sizoni ya magemu 17. Akangokhala wothamanga, chitetezo chapadera chimene malamulo amapatsa woponya chimachoka. Ndipo chimene chimatsogola pogundana nthawi zambiri ndi phewa, lomwe ndi chida chake chogwirira ntchito. Cam Newton wa Carolina, MVP (wosewera woposa onse mu ligi) wa 2015, ankaseweretsedwa motere, ndipo asanafike zaka 30 phewa lake loponyera linali litachitidwa opaleshoni kawiri. Khasu ukamalimira pa miyala tsiku ndi tsiku silichedwa kubuntha.

Nkhani imene imandipweteka mpaka pano ndi ya Robert Griffin III. Mu 2012, chaka chake choyamba ku Washington, anathamanga mayadi 815 ndipo palibe amene ankadziwa chochita naye. Mu December anavulala bondo posewera ndi Baltimore, akuthamanga ndi mpira. Mu January 2013, pa gemu ya playoff (ndime ya chipulula) ndi Seattle, aliyense ankaona kuti akutsimphina, koma kochi Mike Shanahan anamusiya m'bwalo mpaka bondolo linagonja, mitsempha n'kuduka. Sanabwererenso mwakale. Ambiri amati read option ndi imene inamuwononga. Ine ndimati panali anthu akuluakulu m'mbali mwa bwalo amene anali ndi mphamvu zomutulutsa, ndipo sanatero. Mnyamata wa zaka 22 amene magazi akuwira sangadzitulutse yekha.

Ndiye za Richardson wanuyo. Kumuletseratu kuthamanga kukanakhala kutaya chimene Colts inamutengera, popeza kuponya kwake kunali kusanakhwime. Koma onani mmene anavulalira mu 2023: ubongo unagwedezeka pa gemu ya Houston akulowa ndi mpira kukagoletsa touchdown, kenako phewa pa gemu ya Tennessee, pa kuthamanga kochita kukonzedwa ndi makochi. Konseku kuthamanga kunathera pa kugundana. Ndikanakhala kochi, ndikanasunga kuthamanga kwa pakati kuti kuzigwira ntchito pokhapokha patsala yadi imodzi kapena awiri kuti timu ipeze mayadi ofunika kuti isunge mpira, kapena pafupi ndi mzere wogoletsera, monga Philadelphia imachitira ndi Jalen Hurts pamene anzake amamukankha kumbuyo. Kwina konseko ndikanamulamula kuti akapeza mayadi ofunikawo adzigwetse kapena atuluke, ndipo akakana kumva, pa gemu yotsatira ndikanachepetsa mipata yake yothamanga mpaka ataphunzira.