Odi amadikira odini

Mdzukulu wanga, wati utapita kukaoda zitenje ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, unamva Aswahili akuti "hodi" pakhomo, mwini nyumba n'kuyankha kuti "karibu". Ndiye ukufunsa kuti anabera mnzake ndani, ife kapena iwo?

Palibe wakuba apa. Mawu amayenda ndi apaulendo. Ambiri amati odi anafika ndi amalonda achiswahili, anthu a Jumbe aja amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, komanso ndi Ayao amene ankapita ndi minyanga ku Kilwa, doko la Aswahili la ku Tanzania. Lero Mtumbuka amaodira, Myao amaodira, Mbemba wa ku Zambia nayenso akati odi amamuyankha kuti kalibu.

Koma ukanandifunsa kuti munthu akati odi amatani. Amaima, mwanawe.

Masiku athu chitseko chinali cha bango kapena cha udzu, ukanagogoda pati? Unkaima cha pankhokwe, osaponda ngakhale khonde, n'kuwomba m'manja: "Odi kuno!" Kenako chete, mpaka umve "odini" kapena "fikani". Kukapanda yankho unkabwereza, kukakhalabe zii unkabwerera, ngakhale utsi ukufuka padenga. Mwina mayi akusamba, mwina muli apongozi ako. Kudooko nakonso mwamuna ankaodira ali patali, amayi apeze mpata wofunda nsalu. Ine malemu agogo anga anandibweza tsiku lina nditanena odi phazi lili kale m'nyumba. Anati, "Tuluka, ukayambirenso." Ndinabwerera mpaka pamtondo, anzanga akuseka, ndiwo zimene anandituma zikuzizira m'manja.

Inu a lero mumaimba foni kuti "ndili pageti". Si mlandu, mipanda ya njerwa njaitali, mawu sangadumphe. Chimene chimandiwawa n'chakuti odi mwamusandutsa mawu othamangitsira anthu. Mu minibasi ndimangomva "odi apa!", chigongono chafika kale m'nthiti. Mwana kuuza mkulu wake kuti "odi uko", ngati akuingitsa nkhuku pamphale!

Usadandaule, sindikunena iweyo, unaleredwa bwino. Kungoti pa Khirisimasi paja ndinangokuona uli kale kukhitchini, wavundukula ndi mphika. Ukamabwera ndi zitenjezo, udzaime pamtengo wa mango paja uodire. Makutu anga ayamba kuvuta, ndiye ukweze mawu, ndipo ndikachedwa kuyankha udikire, ndikhala ndikufunafuna mpango.