Kodi manambala a pa jeti ya kabureta amatanthauza chiyani?

Wakabaza wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Akuti atamasula kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ya njinga yake yamoto anapeza jeti (kachitsulo kokhala ndi kabowo kodutsa petulo) yolembedwa 95, pomwe ya mnzake ndi 130. Akufunsa ngati kuika ya 130 kungawonjezere liwiro.

Achimwene, musafulumire. Nambalayo imakhala ndi tanthauzo mukadziwa amene anapanga jetiyo.

Makabureta ambiri a njinga za kabaza anatengera kapangidwe ka Keihin ya ku Japan. Pa jeti zimenezi nambala imanena kukula kwa kabowo: 100 ndi milimita imodzi, 95 ndi milimita 0.95. A Dellorto ndi a Weber amawerenga chimodzimodzi. Koma a Amal, komanso a Mikuni pa jeti zawo za mutu wa makona 6, amalemba kuchuluka kwa mafuta amene angadutse pamphindi imodzi. Choncho 130 ya kampani ina si 130 ya inzake.

Tiyerekeze kuti zonse ziwiri ndi za Keihin. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Bowo likakula pang'ono, mpata wodutsa petulo umakula kwambiri. Kuchoka pa 100 kufika pa 110, mpatawo umawonjezeka ndi 21 peresenti. Kuchoka pa 95 kufika pa 130 ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Injini imatsamwa, pulagi imada mwaye, utsi wakuda kumbuyo, ndalama ya tsikulo n'kuthera pa petulo.

Mu kabureta mulinso kajeti kena kakang'ono ka 35 kapena 38, kamene kamagwira ntchito injini ikamalira njinga itaima ndiponso poyamba kuyenda.

Malo nawonso ali ndi mbali yake. Chigwa chathu cha Shire, kumene kuli Nchalo, chili m'munsi kwambiri, pomwe Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Kunsi kuno mpweya ndi wolemera, ndiye umafuna petulo wochulukirapo, ngakhale kutentha kwa Okutobala kumaupepuza ndithu. Njinga yotchunidwa ku Limbe ikatsika Thabwa ingafune jeti yokulirapo pang'ono chabe, mwina 98.

Woweruza ndi pulagi. Yendani mtunda wabwino, muimasule. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Ikayera mbuu, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira, zomwe zingawononge pisitoni.

Jeti ikatsekeka ndi fumbi, musaitokose ndi waya kapena singano. Mkuwa ndi wofewa, bowo limakula, 95 yolembedwayo n'kusanduka yabodza. Itsukeni ndi petulo, muipemerere ndi mpope.