Kujambula Apache m'chipinda chogona: yankho kwa achimwene a ku Mpondasi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Mpondasi, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano chifukwa vuto lake ndi la anthu ambiri. Ali ndi gitala yamagetsi yofanana ndi Stratocaster, laputopu yakale ndi mahedifoni. Akufuna kujambula Apache, nyimbo yopanda mawu ya gulu la ku Britain la The Shadows, imene bambo ake amaikonda. Anayesa kulowetsa gitala pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu, koma zimene zinatuluka ndi kalidwe kowonda, mng'ung'udzo wosatha, ndipo mawu amamveka mochedwa iye atakhudza kale nsambo. Akufunsa ngati asunge ndalama zogulira ampulifaya ndi maikolofoni, komanso ngati nyimboyo angaiike pa YouTube.

Achimwene, ampulifaya musagule kaye. Ndalama zimenezo gulirani kabokosi kotchedwa audio interface, kokhala ndi polowetsa gitala polembedwa INST kapena Hi-Z. Kaya ndi Focusrite, Behringer kapena M-Audio, kaya kagwirapo kale ntchito, bola kali ndi polowetsa pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti mapikapu a gitala (timaginito tapansi pa nsambo totola kulira kwake) amatulutsa magetsi ofooka kwambiri, ndipo amafuna polowera pa impedance (muyeso wa mmene polowera pamatsekerezera magetsi) yokwera, pafupifupi megaohm imodzi. Kabowo ka laputopu kanapangidwira timaikolofoni ta mahedifoni, impedance yake ndi yotsika kutalitali. Mukalowetsapo gitala, mawu apamwamba aja amene amawalitsa nyimbo amafera panjira. Gitala yanu ilibe mlandu.

Pali chifukwa china chosagulira ampulifaya ndi maikolofoni chimene ife a kuno timachidziwa bwino. Maikolofoni sasankha chomva. Amva njinga za kabaza zikudutsa, amva adhana kumzikiti, atambala a oyandikana nawo, ana akusewera panja, ndi malata akuthetheka dzuwa likafika pamutu. Mu Okutobala ndi Novembala simungatseke mawindo n'kuzimitsa fani kwa ola lathunthu kuno ku Mangochi, mungakomoke. Koma waya wochokera kugitala kupita ku interface samva chilichonse cha izi. Mutha kujambula lidi (gitala yotsogolera nyimbo) masana, fani ikuzungulira, amayi akutsuka mbale pakhomo.

Mng'ung'udzo uja umachokera ku magetsi. Athu m'Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo mapikapu a single-coil, amene ali pa magitala a mtundu wanuwo, amatola phokoso limeneli mumphepo. Zulani chaja, laputopu iyendere batire pamene mukujambula. Nthawi zambiri theka la vutoli limathera pomwepo. Kenako valani mahedifoni, gitala ili m'manja, muzitembenuka pang'onopang'ono pampando. Pali mbali imene phokosolo limatsika kwambiri. Yang'anani kumeneko, ndipo muike chizindikiro pansi kuti mawa musayambenso kufufuza. Khalani patali ndi invata ya sola, machaja a mafoni ndi magetsi a chubu. Ngati switchi ya gitala yanu ili ndi malo asanu, yesaninso malo achiwiri ndi achinayi, chifukwa pa magitala ambiri amakono mapikapu awiri akalumikizana amathetsa phokosolo, ngakhale kalidwe kamasinthako.

Tsopano tibwere ku nyimboyo, poti apa ndi pamene pagona nkhani.

Apache inalembedwa ndi Jerry Lordan, ndipo The Shadows anaijambula mu 1960 ku situdiyo za EMI za pa Abbey Road ku London. Inakhala pa nambala wani ku Britain kwa masabata asanu. Hank Marvin ndiye anaimba lidi pa Fender Stratocaster yofiira imene Cliff Richard, woimba amene gululi linkamuimbira zida, anamuitanitsira kuchokera ku America, kudzera mu ampulifaya ya Vox ndi makina a eko a ku Italy otchedwa Meazzi. Bruce Welch anali pa gitala ya acoustic, Jet Harris pa bezi, Tony Meehan pa ng'oma. Ndatchula zonsezi kuti muone kuchepa kwa zipangizo zake. Anthu anayi, zida zochepa, ndipo pakati pa nyimbo pali malo ambiri opanda kanthu. Laputopu yanu yakaleyo ili ndi matiraki ochuluka kuposa makina amene anali mu situdiyo imeneyo chaka chimenecho.

M'nyimbo yopanda mawu, gitala ndiyo woimba. Ambiri amene ndawamva akuyesa nyimbo zamtunduwu amaloweza manotsi onse bwinobwino, koma amawaponya motsatizana popanda kupuma, onse mphamvu imodzi. Womvera amazindikira nyimboyo, koma mtima wake sugwedezeka. Musanakhudze gitala, imbani lidi yonse ndi pakamwa, kung'ung'udza chabe, mukutsatira chojambula choyambirira cha 1960 chija. Muona kuti pali pamene mukukoka mpweya, pali notsi imene mukuikweza, pali ina imene mukuisiya kuti izilala yokha. Pamene pakamwa papuma, chala chipumenso. Chitani zimenezi mpaka mutha kuiimba mukuyenda kupita kumsika popanda kuganiza, ndiyeno tengani gitala muipangitse kunena zomwe pakamwa panu pamanena.

Mvetserani mapeto a manotsi aatali. Hank Marvin ankagwira kamkono ka tremolo (kachitsulo kogwedezera nsambo) m'dzanja lomwelo logwira piki, ndipo notsi ikamatha ankaigwedeza pang'ono kwambiri. Kugwedezako sikuyamba notsi ikangolira, kumabwera pambuyo, monga amachitira woimba wa kwaya pa mawu otsiriza a mzere. Ngati gitala yanu inabwera yopanda kamkonoko, kafunefuneni, ndi kotchipa. Koma dziwani kuti pa magitala otsika mtengo kamasokoneza tchuni, choncho tchunani musanayambe kujambula chigawo chilichonse, ndipo pakani mtovu wa pensulo m'timipata ta nati momwe mumadutsa nsambo kuti zisamakodwe. Palinso zigawo zimene chikhatho chimagona pang'ono pa nsambo pafupi ndi bridge kuti manotsi atuluke aafupi, ogunda. Pamenepo ndi pamene eko imamveka bwino, chifukwa imapeza malo oyankhira.

Za nsambo ndinene mosapsatira: sinthani. Chinyezi cha kunyanja kuno ndi thukuta la m'manja zimadya nsambo msanga, ndipo nsambo yadzimbiri palibe pulogalamu imene ingaiwalitse. Gulani zokhuthalako, zoyambira .011 ngati zala zanu zingapirire, poti nthawi imeneyo oimba ankagwiritsa nsambo zolemera ndipo ndi mbali ya kalidwe konenepa kaja. Ziikeni tsiku limodzi kapena awiri musanajambule kuti zikhazikike, ndipo muzizipukuta ndi kansalu kouma mukamaliza.

Pulogalamu yojambulira, ine ndimakonda Reaper chifukwa ndi yopepuka pa makompyuta akale ndipo mutha kuiyesa kwa masiku 60 musanalipire. Audacity ndi yaulere ndipo imajambula bwino, kungoti pa ntchito ya matiraki angapo imatopetsa. Ikani 24-bit ndi 48 kHz. Kwezani gain (mphamvu ya mawu olowa) pa interface mpaka pamene mukamenya mwamphamvu mita ifike cha pa -12 dB, osapitirira. Kufiira kukangowala, chigawo chimenecho chawonongeka ndipo sichikonzeka. Kuchedwa kwa mawu kuja kumachepa mukagwiritsa dalaivala ya ASIO ya interface yanu n'kutsitsa buffer (kuchuluka kwa mawu amene kompyuta imasonkhanitsa isanawatulutse) pa 128. Pa 48 kHz, buffer yotere ndi nthawi yosakwana mamilisekondi atatu mbali imodzi, ndipo khutu silidandaula. Laputopu ikayamba kuthetheka, kwezani pa 256.

Jambulani gitala youma. Ndikutanthauza kuti ampulifaya ya mukompyuta ndi eko muzizimva m'mahedifoni pamene mukuimba, koma chosungidwa pa tiraki chikhale mawu a gitala okha. Mukatero, mutha kusintha kalidwe mawa popanda kuimbanso. Ampulifaya ya mukompyuta isankheni ya mtundu wa Vox, yoyera, yongotsala pang'ono kuyamba kusasa mukamenya kwambiri. Distortion ayi.

Eko ija anthu amailakwitsa kwambiri. Makina a Meazzi anali ndi mitu ingapo yowerenga tepi, ndiye notsi imodzi inkabwerera kangapo pa mipata yosafanana. Delay wamba wobwereza mofanana sapereka zimenezo. Mu Reaper muli ReaDelay, imene imalola kuwonjezera ma tap angapo, kutanthauza maulendo obwerera a notsi. Ikani atatu, lililonse nthawi yake, lomaliza likhale lomveka kuposa anzake, ndipo dulani mawu apamwamba pa onse kuti eko ikhale kumbuyo kwa gitala. Poyambira pabwino ndi kugawa 60,000 ndi liwiro la nyimbo: pa 120 bpm (kugunda 120 pa mphindi), kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500. Pezani liwiro lanu, werengerani, kenako sunthani ma tapwo ndi khutu mpaka zigawo zogunda zija ziyambe kuthamanga zokha. Mukafika poganiza kuti eko yakwana, tsitsaniko pang'ono. Mahedifoni amanamiza.

Dongosolo lojambulira ndi losavuta: ng'oma, rithimu, bezi, lidi pomaliza. Lidi imafuna pogona.

Pa rithimu ndikupemphani kuti mubwereke gitala ya acoustic, ngakhale ya kutchalitchi. Ambiri akamamvetsera Apache makutu amathamangira ku lidi, koma chimene chimayendetsa nyimboyo ndi dzanja lamanja la Bruce Welch, losatopa, losaphonya. Mukaiimba pa gitala yamagetsi yomweyo, magitala awiriwo amalimbirana malo amodzi. Apa pokha ndiye pakufunika maikolofoni, ndipo alionse amene mungabwereke akwana. Aloze pamene khosi la gitala limakumana ndi thupi, pafupifupi masentimita 20 mpaka 30, osati pabowo, poti pabowo pamatuluka mabezi ochuluka. Imikani matiresi kumbuyo kwanu, kolekani bulangete pawindo, ndipo sankhani usiku kabaza atachepa, atambala asanayambe. Makoma a simenti opanda kanthu amabweza mawu moipa, choncho chipinda chodzaza zovala ndi katundu chimaposa balaza.

Ng'oma mwina mupanga pa kompyuta. Musasiye kugunda konse pa mphamvu imodzi. Tsitsani kwina, kwezani kwina. Koma pa chiyambi cha nyimbo ndili ndi maganizo anga. Pa choyambirira chija, kugunda kotsegulira kunaimbidwa ndi Cliff Richard pa ng'oma ya ku China imene inali mu situdiyo. Inu muli ku Mangochi, kwawo kwa beni. Pezani mnzanu wodziwa kuimba ng'oma yachikopa, muijambule usiku womwewo wa acoustic. Ndikhulupirira kuti bambo anu akamva gitala yodziwika ija ikulowa pamwamba pa ng'oma ya kwathu, adzakhala tsonga. Pa intaneti pali anthu ambirimbiri amene anakopera Apache mpaka eko yake, ndipo ambiri a iwo ali ndi zida zimene inu ndi ine sitingazifike. Ng'oma imeneyo alibe.

Pojambula lidi, imbani nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza kangapo, osaima mukaphonya. Pumani, imwani madzi, kenako mvetserani. Sankhani ulendo umene uli ndi moyo kwambiri, ngakhale uli ndi kolakwika pena, ndipo pokhapo polakwikapo ikanipo chigawo chochokera ku ulendo wina. Dulani pamene gitala yapuma, osati pakati pa mzere. Kuzigamba notsi ndi notsi kumapha kupuma kuja tinakuvutikira.

Kumikisa kwa nyimbo ya zida zinayi sikufuna zambiri. Lidi, bezi ndi ng'oma pakati, acoustic pambali pang'ono. Dulani zonse za pansi pa 100 Hz pa magitala awiriwo kuti bezi ipeze malo. Kenako tulutsani nyimboyo muimvere pa sipika ya foni, pa kasipika ka Bluetooth, ndiponso m'galimoto ngati mungapeze, chifukwa anthu anu adzaimvera mmenemo. Bezi ikasowa pa foni, kwezani pang'ono cha pa 700 Hz m'malo mokweza voliyumu yake yonse. Sungani WAV yanu pa flash ndi pamalo ena achiwiri. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti ifike mmene munaipangira.

Za YouTube. Nyimbo ili ndi umwini pawiri: wa amene anailemba, ndi wa amene anaijambula. Mukaimba nokha zida zonse, chojambulacho ndi chanu, koma nyimboyo ikadali ya olowa m'malo a Jerry Lordan ndi kampani yosindikiza nyimbo zake. Iye anamwalira mu 1995, ndipo malamulo a mayiko ambiri amateteza ntchito kwa zaka 50 kapena 70 mwini atamwalira. Mukaiika pa YouTube, makina awo a Content ID akhoza kuizindikira, ndipo kawirikawiri eni ake amalola vidiyo kukhalapo iwo n'kumatenga ndalama za malonda, ngakhale ali ndi mphamvu yoitsekanso. Lembani momveka dzina la wolemba ndi la The Shadows pansi pa vidiyo. Musadule kachigawo kalikonse ka chojambula cha 1960 n'kuika mu yanu, ngakhale ng'oma yokha, poti pamenepo mwakhudza umwini wachiwiri uja. Ngati mukufuna kuigulitsa, kuiika pa Spotify kapena kuipereka ku wailesi, yambani mwafunsa a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno, akuuzeni za chilolezo.

Mukapeza interface, jambulani masekondi 30 oyamba a lidi, youma yopanda eko, munditumizire pa imelo yomweyi. Ndimvetsera ndipo ndikuuzani ngati mng'ung'udzo watha komanso ngati gain ili pabwino, musanataye usiku wonse pa nyimbo yathunthu.