Kodi loya womenyera ufulu wa anthu angakhale khansala osagulitsa anthu ake? Nkhani ya Z. Alexander Looby

Mayi wina amene akuphunzira zamalamulo wandilembera kalata pa imelo, ndipo funso lake, ndikalifupikitsa, ndi lakuti: kodi loya amene amamenyera ufulu wa anthu oponderezedwa angathe kulowa ndale za mzinda n'kukhala khansala popanda kugulitsa anthu amene amawaimira? Akuti anzake a m'kalasi amamuuza kuti munthu akangolawa mpando ndi ndalama za khonsolo pakamwa pake pamatsekeka, choncho akufuna chitsanzo cha munthu weniweni amene anagwira ntchito ziwirizi pamodzi.

Achemwali, chitsanzo chilipo, ngakhale kuti ndi cha kutali. Ndikufotokozerani za a Z. Alexander Looby a mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America, amene anakhala khansala kuyambira 1951 mpaka 1971 uku akusumira boma la mzinda womwewo pa nkhani za tsankho. Maganizo anga ndi akuti zimene mukufunsazo n'zotheka, koma mpando wa a Looby unali ndi phindu chifukwa chakuti iwo sanaleke kupita kukhoti, ndipo zazikulu zimene anthu amawakumbukira nazo sizinachitikire m'chipinda cha khonsolo.

A Looby anabadwa mu 1899 pachilumba cha Antigua, chomwe panthawiyo chinkalamulidwa ndi Britain, ndipo anafika ku America mu 1914 ali mnyamata wamasiye. Anaphunzira ku Howard University, kenaka zamalamulo ku Columbia University ndi ku New York University, ndipo mu 1926 anapita ku Nashville kukaphunzitsa zachuma ku Fisk University, sukulu ya ukachenjede ya anthu akuda. Patapita zaka zochepa anayamba kuimira anthu pa milandu, ndipo mu 1932 anathandiza kutsegula sukulu ya zamalamulo ya anthu akuda yotchedwa Kent College of Law, popeza sukulu za azungu za m'deralo sizinkalandira munthu wakuda. Muyenera kukumbukira kuti m'zigawo za kummwera kwa America tsankho linali lamulo lolembedwa: sukulu, zipatala, mabasi, malo odyera ngakhale mipope ya madzi akumwa zinali zogawidwa potengera khungu.

Dzina lawo linamveka dziko lonse mu 1946, chifukwa cha zipolowe za m'tauni ya Columbia, kummwera kwa Nashville. Nkhaniyo inayamba ndi mkangano wa wailesi imene mayi Gladys Stephenson anakakonzetsa m'sitolo ina. Mwana wawo James, amene anali atangochoka kumene ku usilikali wa pamadzi, anamenyana ndi mzungu wa m'sitolomo, ndipo pofika usiku anthu akuda a m'tauniyo anatenga mfuti kudikirira gulu la azungu limene ankaopa kuti libwera kudzapha mnyamatayo. Apolisi anayi anavulala ndi zipolopolo. M'mawa mwake apolisi a chigawo anaphwanya masitolo ndi nyumba za anthu akuda, anamanga anthu oposa 100, ndipo awiri mwa iwo anaphedwa ali m'manja mwa apolisi.

Bungwe la NAACP, limene linkaimira anthu akuda pa milandu yotere, linatumiza a Thurgood Marshall, amene pambuyo pake anadzakhala woweruza woyamba wakuda m'khoti lalikulu kwambiri la America, kuti agwire ntchito limodzi ndi a Looby komanso loya wachizungu Maurice Weaver. Anthu 25 anaimbidwa mlandu wofuna kupha apolisi, mlanduwo unasamutsidwira ku Lawrenceburg, ndipo chifukwa a Marshall anadwala kwambiri, mtolo waukulu unagwera a Looby ndi anzawo otsalawo. Gulu la anthu wamba ogamula mlanduwo linali la azungu okhaokha, koma mu Okutobala chaka chomwecho linamasula anthu 23 mwa 25 aja, chinthu chimene ndi ochepa ankachiyembekezera kummwera kwa America pa nthawi imeneyo.

Mwezi wotsatira, maloyawa akubwerera ku Nashville usiku atamaliza mlandu wina ku Columbia, apolisi anaimitsa galimoto yawo, namanga a Marshall powanamizira kuti akuyendetsa ataledzera, n'kuwatengera mu msewu wopita kumtsinje wa Duck m'malo mopita nawo kutauni. A Looby anauzidwa kuti azipita kwawo, koma iwo anakana ndipo analondola galimoto ya apolisiyo pambuyo mpaka apolisiwo, ataona kuti pali mboni, anakhotera kutauni kumene woweruza wamng'ono anapeza kuti a Marshall sanamwe mowa, nawamasula. Ndafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa munthu amene anapempha mavoti zaka zisanu pambuyo pake anali wodziwika kale motere, ndipo anthu sanawavotere chifukwa cha malonjezo a pamsonkhano.

Tsopano za mpando weniweniwo. Kwa zaka 40, kuchokera mu 1911, panalibe munthu wakuda amene anasankhidwa kukhala khansala wa Nashville, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kagawidwe ka madera ovotera, kamene kankachititsa kuti mavoti a anthu akuda amire pakati pa mavoti a azungu. Lamulo litasintha kuti chigawo chilichonse chaching'ono chizisankha khansala wakewake, kusintha kumene a Ben West anakuthandizira ali phungu wa nyumba ya malamulo ya Tennessee, a Looby ndi loya mnzawo Robert Lillard anapambana mu 1951, ndipo chaka chomwecho a West anasankhidwa kukhala meya. Inu amene mukuphunzira malamulo muone bwino apa: chimene chinatsegula khomo sichinali kusintha mtima kwa azungu, koma kusintha kwa malire a zigawo zovotera.

Makhansala awiri pakati pa azungu ochuluka sangapambane voti iliyonse imene ambiriwo sakuifuna, ndipo a Looby ankadziwa zimenezi. M'khonsolo ankatha kutsutsa, kufunsa mafunso, kukumbutsa anzawo za misewu ndi ntchito za m'madera a anthu akuda, komanso kudziwa msanga zimene akuluakulu a mzinda akukonza. Koma pamene khoti lalikulu la America linagamula mu 1954, pa mlandu wa Brown, kuti kugawa sukulu potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, iwo sanadikire kuti khonsolo kapena akuluakulu a zamaphunziro achitepo kanthu mwa kufuna kwawo. Mu 1955, pamodzi ndi loya mnzawo Avon Williams, anasumira bungwe loyendetsa sukulu za mzindawo poimira a A. Z. Kelley, ometa tsitsi, amene mwana wawo Robert anakanizidwa malo pa East High School, sukulu yoyandikana ndi kwawo. Khansala anali kusumira nthambi ya boma la mzinda umene iye mwini anali mmodzi wa atsogoleri ake.

Chipatso cha mlanduwo sichinali chokoma kwenikweni. Akuluakulu a zamaphunziro anabweretsa dongosolo lophatikiza kalasi imodzi pachaka, kuyambira kalasi yoyamba, kutanthauza kuti panafunika zaka 12 kuti makalasi onse atseguke. A Looby ndi a Williams analitsutsa dongosololi kuti n'lozengereza dala, koma makhoti analivomereza. Pa 9 Seputembala 1957 ana akuda osakwana 20, a zaka zisanu ndi chimodzi, analowa m'sukulu zimene kale zinali za azungu okha, akudutsa pakati pa anthu owatukwana, ndipo usiku womwewo bomba linaphulitsa mbali ina ya sukulu ya Hattie Cotton, kumene kunalowa mwana wakuda mmodzi yekha.

Chaka chimene chimayankha bwino funso lanu ndi 1960. Pa 13 Febuluwale ophunzira a m'makoleji a anthu akuda, amene m'busa James Lawson anawaphunzitsa kuchita zionetsero popanda kubwezera nkhonya, anayamba kukakhala pamipando ya malo odyera a m'masitolo akuluakulu a pakati pa mzinda, imene inali ya azungu okha, n'kumakana kuchoka. Pakati pawo panali Diane Nash, John Lewis ndi James Bevel. Pa 27 Febuluwale pafupifupi 80 mwa iwo anamangidwa, pamene azungu amene anawamenya sanagwidwe, ndipo a Looby, ali khansala yemweyo wa zaka 60, ndiwo anatsogolera maloya amene anawaimira. Apolisi amene anamanga anawo anali a mzinda, woweruza anali wa khoti la mzinda, ndipo zimanenedwa kuti panthawi ina woweruzayo anatembenuza mpando wake n'kuwafulatira a Looby akulankhula. Ophunzirawo anapezeka olakwa nalipitsidwa madola 50 aliyense, koma ambiri anasankha kukhala m'ndende kusiyana ndi kupereka chindapusa pa mlandu umene sankauvomereza.

Pa 19 Epulo, mbandakucha, munthu wina anaponya bomba panyumba ya a Looby. Kutsogolo kwa nyumbayo kunaphwasuka, mawindo 147 a Meharry Medical College, sukulu ya zachipatala imene inali tsidya lina la msewu, anasweka, koma a Looby ndi akazi awo a Grafta, amene ankagona m'chipinda cha kumbuyo, anapulumuka. Palibe amene anazengedwa mlandu chifukwa cha bombalo. Masana a tsiku lomwelo anthu zikwi zingapo anayenda mwakachetechete mpaka kulikulu la mzinda, kumene m'busa C. T. Vivian anadzudzula meya West pamaso pa anthu, ndipo Diane Nash anawafunsa meyayo ngati akuona kuti n'koyenera kusala munthu chifukwa cha khungu lake, kenaka ngati akuvomereza kuti malo odyera aja atsegulidwe kwa onse. A West anavomera. Pa 10 Meyi masitolo asanu ndi limodzi anayamba kugulitsa chakudya kwa anthu akuda pamipando yomwe ija, ndipo Nashville unakhala umodzi mwa mizinda ikuluikulu yoyamba ya kummwera kuchita zimenezi.

Sindikufuna kuti muganize kuti a Looby ndiwo anachita zonsezi. Mutu umodzi susenza denga: ophunzira ndiwo anamenyedwa, ndipo anthu akuda wamba ndiwo ananyanyala kugula m'masitolo a pakati pa mzinda nyengo ya Pasaka mpaka eni masitolo anamva kuwawa m'thumba. Komabe ndikukhulupirira kuti ukhansala wawo unali ndi gawo lake pa tsiku lija. Bomba loponyedwa panyumba ya khansala wosankhidwa ndi anthu, amene azungu ambiri a m'boma ankakhala naye pamisonkhano ndipo ankamudziwa kuti ndi munthu wodekha ndi wosunga malamulo, linachititsa manyazi akuluakulu a mzinda mwa njira imene kumangidwa kwa ophunzira sikunathe kuchita.

Pali mbali ina imene anzanu a m'kalasi angaigwiritse ntchito pokutsutsani, ndipo ndi bwino muidziwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunabuka maganizo ophatikiza boma la mzinda wa Nashville ndi boma la dera lonse la Davidson County, limene madera ake a kunja kwa mzinda munkakhala azungu ambiri. A Lillard anakana, ponena kuti anthu akuda, amene chiwerengero chawo chinkakwera mkati mwa mzinda, adzachepa mphamvu mavoti awo akasakanizidwa ndi a kunjako. A Looby anavomera, nakhala nawo m'komiti yolemba malamulo a boma latsopanolo, poganiza kuti mzinda umene anthu olemera akuuthawa udzatsala wopanda ndalama za msonkho, ndipo kuulamulira kudzakhala kopanda phindu; chimene analimbikira n'chakuti makhansala ambiri azisankhidwabe m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo zigawo zingapo zidulidwe mwakuti anthu akuda azitha kupambana. Maganizowa anakanidwa pa voti ya 1958, anavomerezedwa mu 1962, ndipo boma latsopano linayamba mu 1963, a Looby ali mmodzi wa makhansala 40.

Anthu amatsutsanabe kuti analondola ndani. Mizinda ina ya kummwera monga Atlanta, New Orleans ndi Memphis inadzasankha mameya akuda, pamene Nashville sinasankhepo meya wakuda pa chisankho chachikulu m'zaka zonse za m'ma 1900, zimene zikuonetsa kuti mantha a a Lillard sanali opanda pake. Ine ndimaona kuti a Looby sanagulitse anthu awo pa nkhaniyi, koma anachita chimene loya wa kukhoti sakakamizika kuchita: kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene chilichonse chili ndi kuipa kwake, n'kusaina dzina lawo pansi pake. Ngati mukufuna kudzakhala khansala, zosankha za mtundu umenewu ndi zimene muzidzakumana nazo kawirikawiri kuposa ziphuphu zimene anzanu akuziopa.

Mu 1962 a Looby anapikisana nawo pa mpando wa woweruza m'khoti lalikulu la Tennessee koma sanapambane. Anapuma pa ukhansala mu 1971 ndipo anamwalira mu Malichi 1972. Laibulale ina ya mzindawo, ku North Nashville, imadziwika ndi dzina lawo. Mlandu wa sukulu wa a Kelley uja anaupitiriza ndi a Avon Williams, amene nawonso analowa ndale nakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Tennessee, ndipo khoti linautseka mu 1998, patatha zaka 43 chiusumireni.