Yankho kwa amalume, kuchokera pa St Helena

Eee amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaumva uthenga wanu uja, mukufunsa kuti pachilumba cha pakati pa nyanja chonchi chakudya timagula kuti, komanso ngati pali zoti munthu n'kuona. Ndiyankhiretu pano ndili kumtunda, chifukwa kuno intaneti ndi yodula.

Tili pa St Helena, m'nyanja ya Atlantic, makilomita opitirira 3,000 kuchokera ku Cape Town. Boti lathu la matanga silifika m'mphepete ayi, limatsala pamadzi pa James Bay, ndiye kamabwera kaboti kakang'ono kudzatitenga, monga tinkatsikira mu Ilala pa Likoma paja. Kungoti mafunde a kuno ndi ena. Pamasitepe otsikira anapachikapo zingwe. Umagwira chingwe, kudikira funde likweze kabotiko, basi n'kudumpha. Tsono pobwerera, muli ndi thireyi ya mazira ndi zigubu za madzi, mumachita kupatsirana chimodzichimodzi, wina atagwira chingwe, wina akuyang'ana funde.

Zogula zonse zili mu Jamestown, katawuni kopanikizika m'chigwa, mapiri amiyala uku ndi uku. Anthu pachilumba chonse sakwana 5,000, ndipo zambiri za m'sitolo zimabwera pa sitima ya katundu, pafupifupi kamodzi pamwezi. Ikangotsitsa kumene, mupeza anyezi, mbatata ya kachewere, maapozi. Ikachedwa, mashelefu amatsala ndi zam'zitini. Sitolo imodzi simalizitsa zonse, umalowa muno kupeza batala, umo kupeza kabichi, ndipo Lachitatu masana ambiri amatseka. Ndalama ndi mapaundi awoawo, ofanana mphamvu ndi a ku Britain, koma ku Brazil komwe tikupita sakagwira ntchito, ndiye timasintha ochepa chabe.

Nchifukwa chake mpunga, nyemba, mafuta ophikira ndi ufa wanga wa nsima tinaguliratu ku Cape Town. Pano timangoonjezera zamasamba, mazira, madzi ndi dizilo. Ndipo ine, amalume, ndimaona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Mlendo wa boti akakokolola anyezi onse musitolo, eni mudzi adikira mpaka sitima ina. Iwo ndi anthu aulemu, amakupatsa moni mumsewu ngakhale sakukudziwa, sangakuletse kugula, koma munthu umayenera kudziletsa wekha. Chomwe tagula mosaumira ndi nsomba, tuna ndi wahoo, zogwidwa konkuno.

Zoona zilipo, zambiri kuposa kukula kwa chilumbacho. Kuchokera m'tawuni pali Jacob's Ladder, masitepe 699 olunjika pamwamba pa phiri, ndipo ukafika pamwambapo boti lathu limaoneka kadontho. Tinachita hayala galimoto kupita ku Longwood House, nyumba yomwe Napoleon, yemwe anali mfumu ya ku France, anamwaliramo mu 1821, atamubweretsa kuno Angerezi mu 1815. Manda ake aliponso, koma ndi opanda mtembo, anautengera ku France mu 1840. Ku Plantation House, kunyumba kwa bwanamkubwa, kuli kamba wotchedwa Jonathan. Anabwera naye kuchokera ku Seychelles mu 1882 ali wamkulu kale, ndipo zaka zake zapitirira 190. Maso saonanso, koma akudyabe bwinobwino. Ana akamuona pachithunzi asangalala. Mfumu ya Azulu, Dinuzulu, nayonso anaisunga kuno kuyambira 1890 mpaka 1897.

Koma malo amene andigwira mtima ndi Rupert's Valley, chigwa chotsatira ukachoka mu Jamestown. Alendo ambiri safikako, poti n'kouma, kuli matanki a mafuta ndi doko la katundu. Kuyambira 1840, sitima zankhondo za ku Britain zinkagwira zombo zonyamula akapolo kupita ku America, n'kubweretsa anthuwo pachilumba pano. Anatsitsidwa kuno ndi opitirira 25,000. Ankafika atatheratu ndi njala ndi matenda, moti pafupifupi 8,000 anafera pompano, ambiri n'kuikidwa m'chigwa chimenechi. Mu 2008, pokonza zolambula msewu wopita ku bwalo la ndege, anafukula mafupa a anthu 325, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mafupawo anakhala m'mabokosi zaka zonsezi mpaka anawaikanso m'manda mwaulemu mu 2022. Amalume, mukudziwa mmene kwathu timaonera maliro, ndiponso mukudziwa za Jumbe ku Nkhotakota. Awa anali ochokera makamaka mbali za Angola ndi Congo, koma ululu wake ndi womwewo, ana a anthu kutengedwa, mayina awo osadziwika mpaka lero. Zinandiwawa kuona kuti aliyense wotsika m'boti amafunsa za Napoleon, za awa ayi. Ndinawapempha anzanga kuti tisachoke tisanapiteko, ndipo tinapita tonse.

Zatsala n'kudzaza matanki a madzi ndi kukadinditsa mapasipoti. Kutsogoloku kuli makilomita enanso opitirira 3,000 kukafika ku Brazil, ndiye muwauze amayi kuti ndikakhala chete asade nkhawa, pakati pa nyanja foni sigwira. Zithunzi ndiponya pagulu pano usiku uno. Apa ndithamangire kaboti kaja kasanaweruke. Moni kwa azakhali ndi ana onse.