Tchaja yapakhoma ipite pa batire liti ngati m'boti muli relay?

Achimwene, mwati boti lanu lili ndi mabatire awiri, lina lolizira injini, lina la nyale, fish finder (kachipangizo koonetsa pomwe pali nsomba) ndi pampu yochotsa madzi, ndipo pakati pake anakuikirani relay ija imawalumikiza yokha injini ikamalira. Tsopano mwagula tchaja yapakhoma, ndiye mukufunsa poimanga, komanso ngati muyambe mwachotsa relay. Ndaona ena akuti muzichotsa mabatire onse n'kukatchajira kunyumba. Zimatheka ndithu, koma batire lalikulu ngati N70 si katundu wosenza pamchenga sabata iliyonse, msana ndi umodzi.

Chimene simunatiuze, chomwenso ndiye mwini nkhani, n'chakuti tchaja yanuyo imatulutsa moto wa batire limodzi kapena wa awiri.

Tiyambe ndi relay yeniyeniyo. Iyo sidziwa kuti moto ukuchokera ku injini, ku sola kapena kukhoma. Imangoyang'ana ma volt basi. Batire labwino lodzaza likagona osagwira ntchito limawerenga 12.6 kapena 12.7. Pakabwera chinthu cholitchaja, nambala ija imadutsa 13. Relay ikaona zimenezo kwa kanthawi imalumikiza mabatire awiriwo kuti adyere mbale imodzi, ndipo ma volt akatsika imawalekanitsanso kuti nyale zanu zisamwe batire la injini. Ya kampani ya Blue Sea yolembedwa SI-ACR imalumikiza ikaona 13.6 kwa masekondi 30, kapena 13.0 kwa nthawi yotalikirapo, ndipo imalekanitsa ma volt akatsika pansi pa 12.75. Zina, zolembedwa VSR, zimadikira mpaka 13.7. Manambala a yanu alembedwa pathupi pake kapena pakapepala kake.

Ngati tchaja yanu ndi ya batire limodzi, musachotse kalikonse. Imangeni pa batire la nyale, osati la injini, relay idzapereka moto kwa linzake yokha. Ambiri amachita mosemphanitsa poganiza kuti la injini ndiye lofunika kwambiri. N'zoona ndi lofunika, koma silitha moto wambiri. Kuliza injini kumatenga masekondi ochepa, ndipo mukayenda pang'ono labwezera kale. Lomwe limabwera kunyanja lili ndi njala ndi la nyale. Mukamanga tchaja yaing'ono pa batire la injini, ma volt amakwera msanga chifukwa ndi lodzaza, relay n'kulumikiza, batire lanjala lija n'kukoka moto wonse, ma volt n'kugwa, relay n'kulekanitsa, kenako zonse n'kuyambiranso. Mumangomva kuti tha! tha! usiku wonse ngati wina akudula zikhadabo. Mukamanga pa lanjala, tchaja imayamba yalidyetsa lokha, ndipo likafika pa 13 m'pamene linzake limaitanidwa, pamene palibenso cholimbirana.

Koma yambani mwatsimikiza kuti relay yanu imayang'ana mbali zonse ziwiri. Ya Blue Sea ndatchulayi ndi Cyrix-ct ya kampani ya Victron zimatero. Zina zotchipa zimangoyang'ana mbali ya injini yokha, ndiye mukamanga tchaja ku batire la nyale, la injini silidzalawa kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yatsani tchaja, dikirani mpaka batire la nyale lidutse 13.7, mupatseko mphindi zitatu, kenako ikani mita yoyezera ma volt pa batire la injini. Onse awiri akamawerenga pafupifupi chimodzimodzi, zili bwino. La injini likangokhala pa 12.6, ndiye kuti yanu ndi ya diso limodzi, kapena anaimanga kuseri kwa switchi yaikulu ya mabatire kotero kuti switchi ikakhala pa OFF relay nayo ndi yozima. Zimenezi ndazipeza m'maboti angapo kuno ku Mangochi. Mwinanso fyuzi ya pawaya wake inapsa kalekale popanda wodziwa.

Kukula kwa tchaja muwerengere mabatire onse awiri, poti akalumikizana amasanduka limodzi lalikulu. La 100Ah ndi la 70Ah ndi 170Ah, ndiye tchaja ya ma amp 15 mpaka 20 ndi yoyenera. Ya ma amp 4 ija ya njinga yamoto idzadzaza ndithu, koma pafupifupi masiku awiri, ndipo magetsi athuwa mukuwadziwa.

Ngati tchaja yanu ili ndi mawaya a mabatire awiri, nkhani yasintha. Tchaja yotereyi anaipanga kuti iziyang'anira batire lililonse palokha: ili ladzaza ndilileke, ili likadali ndi njala ndipitirize. Relay ikawalumikiza, tchaja imangoona batire limodzi mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri palibe chimapsa, mabatire amadzaza, koma nzeru zomwe munalipirira ndalama zija zapita pachabe, ndipo tchaja zina zimasokonezeka n'kuyatsa nyale yofiira. Mankhwala ake ndi kaswitchi kamodzi. Relay ili ndi kawaya kakang'ono ka ethi kopita ku negetivu. Ikani switchi pa kawaya kameneko. Mukafuna kutchajira pakhoma zimitsani, relay igone. Vuto lake ndi kuiwala kuyatsanso popita kunyanja, tsiku lonse injini n'kumadyetsa batire limodzi lokha. Ine ndimamangirira kansalu kofiira pakiyi wa boti nthawi iliyonse ndikazimitsa.

Tsopano chomwe ndimachiopa kwambiri pa relay, chimene wogulitsa sakuuzani: imabisa batire lodwala. Tchaja ikamaliza ntchito imasunga ma volt cha pa 13.2 mpaka 13.8, kutanthauza kuti mabatire amakhala olumikizana nthawi yonse yomwe tchaja ili pakhoma. Mukaika mita nthawi imeneyo onse amaoneka athanzi. Mukangozimitsa tchaja n'kuliza injini pompo, relay imakhala isanalekanitse, kapena batire lofooka lija likadali ndi kamoto kapamwamba, injini n'kulira bwinobwino. Ndinapitapo kukakoka bambo wina kuseri kwa chilumba cha Thumbi, mwera utayamba kale. M'mawa injini inalira kamodzi n'kamodzi. Atawedza maola anayi injini ili chete, batire la injini linali pa 10.5, selo imodzi inali itafa kalekale. Iwo ankalumbira kuti analitchaja usiku wonse, ndipo sankanama.

Choncho kamodzi pamwezi zimitsani tchaja madzulo, musiye boti ligone, m'mawa muyeze batire lililonse palokha musanakhudze kiyi. 12.6 ndi lodzaza, 12.2 ndi theka, ndipo lomwe latsika kufika 12.0 mutalitchaja dzulo lake likutsanzika. Mulinso ndi mwayi ngati relay yanu ili ndi kawaya kolembedwa SI kopita ku kiyi. Kameneko kamalekanitsa mabatire panthawi yoliza injini, ndiye fish finder yanu sizima ndipo mumamva mphamvu yeniyeni ya batire la injini.

Batire likaphwa kwambiri musayembekeze relay kuti ilidzutse. Ya Blue Sea imakana kulumikiza ngati limodzi lili pansi pa 9.5, nyale yake imangophethira. Si kuti yawonongeka, ikuteteza batire labwinolo. Lophwalo litchajeni palokha kaye. Izi zimachitika kawirikawiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene pampu imagwira ntchito usiku wonse boti lili pamadzi mwini wake ali ku Blantyre. Ngati ndi mmene mumakhalira, sola ya 50W kapena 100W yokhala ndi regulator, yomangidwanso pa batire la nyale, idzakuthandizani kuposa tchaja yapakhoma. Relay idzalumikiza dzuwa likakwera n'kulekanitsa likalowa.

Kutentha kwa kunyanja kuno nako kuli ndi mbali yake. Ma volt 14.4 amene tchaja zambiri zimapereka anawawerengera pa madigiri 25. Mu Okutobala m'bokosi la mabatire mumadutsa 35, ndipo batire lotentha limafuna ma volt ocheperako, apo ayi limawira n'kuuma madzi. Ngati anu ndi otsegula pamwamba, suzumirani mwezi uliwonse, muthire madzi a batire ogula, osati a m'nyanja kapena a pamjigo, ndipo asidi musawonjezere.

Wina m'munsimu wanena zoika batire la lithium mbali ya nyale. Ndi relay imeneyi ayi. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 likangokhala limawerenga 13.2 kapena 13.3, ndiye relay ya 13.0 imaganiza kuti pali chotchaja n'kumangolumikiza usana ndi usiku. Pamenepo pamafunika DC-DC charger, tchaja yotenga moto ku batire lina n'kutchaja linzake, m'malo mwa relay. Ngakhale kusakaniza batire la gel ndi batire lamadzi sindimakonda, poti akalumikizana amalandira ma volt ofanana pamene gel safuna ambiri.

Pomanga, tsegulani mabokosi mphepo ipite, chifukwa batire lotchajidwa limatulutsa mpweya woyaka ndipo thanki ya petulo ili pafupi pomwepo. Mangani mawaya ku batire kaye, pulagi yapakhoma ilowe pomaliza, ndipo pochotsa muyambe ndi pulagi. Waya wa pozitivu ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, mkati mwa masentimita 18. Ngati boti lili pamadzi, musakokere waya wa 230V ndi tchaja wamba ya galimoto kufika m'botimo. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo magetsi akathawira m'madzi otere amadutsa mosavuta m'thupi la munthu kuposa m'madzimo. Ana amasambira pafupi ndi maboti tsiku lililonse. Kokerani boti kumtunda, kapena pamenepo senzani batire lija basi.

Jambulani relay yanu pomwe pali manambala, kumbuyo kwa tchaja, ndi switchi yaikulu mawaya ake akuoneka, muike pompano. Ndikufuna ndione makamaka ngati mawaya a relay akuchokera pamitu ya mabatire kapena kuseri kwa switchi.